Achinyamata, tizidutswa ta mitengo tingapulumutse dimba lathu

Mwezi wa Okutobala ukafika, ambiri a ife timagwa ulesi ndi dimba. Timathirira m'mawa, pofika masana nthaka yauma gwa, mpiru wafota. Chikhalirecho thandizo lili pafupi: tizidutswa ta mitengo timene akalipentala amangotentha.

Tikathira manyowa ndi kuthirira, tiyale tizidutswati pamwamba pa bedi mochindikala masentimita 5, osagunditsa ku tsinde la mbewu. Tikatero chinyezi chimakhalitsa ndipo udzu sumera msanga.

Koma tisatikwirire m'nthaka. Tizilombo towoletsa mitengo timalanda nayitrojeni, masamba n'kuyamba chikasu. Tipewenso matabwa opaka penti kapena mankhwala, ndipo tiziyang'anira chiswe.

Tiyeni sabata ino tiphimbire bedi limodzi la kalabu yathu, tione kusiyana kwake ndi mabedi enawo.