Kompyuta Yokalamba: Tiitaye Kapena Tiikonze?

Pa tchuthi chapitachi ndinapeza amalume anga kwathu kwa Chitukula mutu utaima. Iwo ali ndi kanyumba pamsika momwe anyamata amalipira kuti asewere mpira pa kompyuta. Kompyutayo anaigula mu mzinda wa Lilongwe itagwirako kale ntchito mu ofesi, ndipo masewero akale a FIFA inkawatha bwinobwino. Koma anyamata anayamba kufuna EA Sports FC 24, masewero amene anatuluka mu 2023 kulowa m'malo mwa FIFA. Kompyuta ija inakanika, makasitomala n'kuyamba kuchepa. Amalume anaganiza zogulitsa mbuzi zawo zonse zisanu pamodzi ndi soya kuti agule ina, chonsecho mbuzizo ndi zimene zimawathandiza pa fizi ya ana.

Pajatu safunsa anadya phula. Tinanyamula kompyutayo kupita nayo kwa munthu wokonza, ndipo zimene anatiphunzitsa ndafuna ndigawane nanu, okondedwa awerengi.

Kompyuta ili ngati ngolo. Ng'ombe zikhoza kukhala zamphamvu, koma ngati tayala limodzi laphwa, ulendo suyenda. Wanzeru sagulitsa ng'ombe chifukwa cha tayala. Choncho musanatulutse ndalama, yambani mwapeza chiwalo chimene chikuchedwetsa zinzake. Opanga masewero amalemba zimene kompyuta iyenera kukhala nazo. Pa FC 24 analemba kuti pafunika purosesa yonga Intel Core i5-6600K, RAM ya 8 GB, graphics card yonga GTX 1050 Ti, ndi malo osungira okwana 100 GB. Ntchito yanu ndi kufananiza mndandandawu ndi zimene zili m'kompyuta yanu.

Choyamba ndi RAM. Iyi ili ngati tebulo lowerengera: likachepa, mabuku amagwa pansi. Ya amalume inali 4 GB yokha. Kuwonjezera n'kosavuta, koma chenjerani, pakuti RAM ili mitundumitundu. DDR3 silowa pamalo a DDR4, chifukwa kampata kake kali pena. Mukakakamiza muthyola.

Chachiwiri ndi chosungira zinthu. Hard disk yakale ili ndi mbale yozungulira mkati, n'chifukwa chake imachedwa. SSD ilibe kanthu kozungulira, ndipo imatsegula masewero mofulumira kangapo. Koma dziwani kuti SSD sikongoletsa zithunzi. Imangochepetsa nthawi yodikira.

Chachitatu ndi graphics card, imene imajambula osewera, udzu ndi mpira pa sikirini. Makompyuta ambiri a mu ofesi alibe yapayokha. Apa ndi pamene ambiri amataya ndalama: amagula khadi lalikulu, kenaka n'kupeza kuti silikwana m'bokosi, kapena kuti power supply ndi yofooka. GTX 1050 Ti, imene inatuluka mu 2016, imadya mawati 75 okha, ndipo zambiri za mtunduwu sizifuna chingwe china cha magetsi. Ndiyo imene wokonza uja anatisankhira.

Chachinayi ndi purosesa. Iyi ndiyo yovuta, chifukwa yatsopano kawirikawiri silowa pa motherboard yakale. Mukasintha purosesa, motherboard ndi RAM pamodzi, ndiye kuti mwagula kompyuta ina basi. Mwamwayi, ya amalume inali Core i5 ya m'badwo wachisanu ndi chimodzi, yosasiyana kwenikweni ndi imene opanga masewero anatchula.

Palinso mdani wina amene safuna ndalama kuti mumugonjetse: fumbi. M'mwezi wa Okutobala fumbi la pamsika limatseka fani, purosesa n'kutentha, ndipo imadzichedwetsa yokha kuti isapse. Musanatsegule bokosi zulani chingwe cha magetsi, kenaka gwirani chitsulo cha bokosilo musanakhudze za mkati.

Amalume anagula RAM, SSD ndi khadi logwiritsidwapo kale ntchito. Anagulitsa mbuzi ziwiri zokha, soya osamukhudza, ndipo anyamata anabwerera.

Komabe tisanamizane: kukonza sikubweza ubwana. Kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna purosesa ya Intel ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kapena kuposerapo. Ndiye kuti amalume agula zaka zochepa chabe, zoti asungiremo ndalama pang'onopang'ono popanda kukhudza fizi.

Makolo athu, mwana akakuuzani kuti kompyuta yatha ntchito, mufunseni kuti chatha ndi chiwalo chiti. Akalephera kuyankha, ndalama zibakhala kaye m'thumba. Ndipo ife anzanga a pano pa seminale, tikamadandaula kuti makina ndi akale, tiyambe tawapukuta fumbi ndi kuwerenga zimene zalembedwa mkati mwake tisanapite kukagogoda pa chitseko cha Bambo Rekitala.