Kodi mumadziwa? Wa GCE ndi wa Giledi 12, wadya mnzake ndani?

Kodi mumadziwa kuti mayi amene amatseka kantemba kake ku Ng'ombe dzuwa likapendeka, n'kuthamangira kukalasi ya madzulo bolopeni ili m'chikwama cha ndalama, amapimidwa pa sikelo imodzi ndi mtsikana wa yunifolomu wa pa Roma Girls? Mayiyo amalemba GCE, mtsikanayo Giledi 12, koma mayeso a onsewa amachokera ku Examinations Council of Zambia, ndipo magiredi ake ndi omwewo. Wapeza 1 ndiye dolo, wapeza 9 wagwa chagada!

Koma katundu amene asenza ndi wosiyana. Wa Giledi 12 kuti atenge School Certificate ayenera kukhoza maphunziro 6 pa ulendo umodzi, Chingerezi chili momwemo, limodzi mwa iwo akhoze ndi credit, kapena 5 ngati awiri mwa iwo wakhoza ndi credit. Wa GCE angathe kulembetsa Masamu okha amene anamupinga kale, ndipo satifiketi imatuluka ngakhale ndi phunziro 1.

Ndiye mukamva pa wailesi kuti a GCE akhoza mwakuti, a Giledi 12 mwakuti, musafulumire kuwomba m'manja. Kumeneko n'kuyerekeza wonyamula thumba la ufa ndi wonyamula pamela.

Nanga pa yunivesite ya UNZA paja, kungodumpha Kalundu kuchokera ku Roma? Kumeneko sawerenga imvi. Amawerenga ma credit, ndipo amafuna 5.

Tsopano tamvani za ku America. Mayeso awo a akuluakulu, a GED, anayamba mu 1942, ndipo cholinga chinali kuthandiza asilikali amene nkhondo inawadulira sukulu. Mayeso a masiku ano ali ndi maphunziro 4, ndipo kulemba onsewo kumadya maola pafupifupi 7.

Apa ndiye pali nkhani. Eni mayesowo amayamba awalembetsa kaye ana amene akumaliza sekondale chaka chimenecho, kenako n'kuika malire okhozera potengera mmene anawo achitira. Pa mayeso amene anayamba mu 2002, malirewo anaikidwa pamwamba moti mwa ana 10 ongotuluka kumene m'kalasi, pafupifupi 4 sakanakhoza!

Mwamva? Bambo wa ana atatu amene anasiya sukulu kalekale akangokhoza, ndiye kuti waposa achinyamata ambirimbiri amene choko chikadali m'tsitsi.

Komatu musanavine, dikirani. Katswiri wa zachuma James Heckman, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2000, anawalondola anthu a GED mpaka kumalo awo a ntchito. Anapeza kuti m'mutu amafanana ndi omaliza sekondale amene sanapite ku koleji, koma m'thumba ambiri amafanana ndi amene anasiyira sukulu panjira.

Iye anati chimene chimasiyanitsa si nzeru ayi, koma khama lodzuka m'mawa uliwonse, chaka ndi chaka, mpaka kumaliza. Ine pamenepa ndikanakonda akanamuona mayi wa ku Ng'ombe uja m'nyengo yozizira, mayeso a GCE atayandikira, akuwerengera pa tochi ya foni magetsi atapita. Inuyo, atakupatsani pepala la Masamu la Giledi 12 lero lino, mungapeze 1 kapena 9?