Nyumba ya Kampani ku Hwange

Akuluakulu a kuno ku Kasungu akamatchula ku Wankie amanena mzinda wa malasha wa m'dziko la Zimbabwe, umene kuyambira 1982 umatchedwa Hwange. Mzindawu sunakule monga ikulira midzi yathu, mozungulira mfumu ndi manda a makolo. Unamangidwa ndi kampani ya mgodi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900.

Nyumba za m'komboni, chipatala, sukulu, madzi ndi magetsi, zonsezi zinali za kampani. Amalaŵi ambiri anakakhala kumeneko, nakwatira, nabereka ana. Koma nyumba inali kuyendera pamodzi ndi ntchito. Munthu akachotsedwa kapena akakalamba, kiyi anali kubwerera ku ofesi.

Pa 6 June 1972 mgodi wa Nambala 2 unaphulika, ndipo anthu 427 anafa, Amalaŵi ali pakati pao. Mitembo yambiri inatsekeredwa pansi pomwepo. M'chaka cha 2018 amayi a mumzindamo anakhala miyezi pakhomo pa ofesi ya kampani, kufuna malipiro a amuna ao amene anali asanaperekedwe. Pamene bwana wa ntchito ali yemweyo mwini nyumba ndi madzi, wodandaula alibe kwina kothaŵira.

Matenanti a m'maesiteti a fodya kuno ku Mtunthama moyo wotere akuudziŵa. Nchifukwa chake, makolo, mwana wanu akamapita kukagwira ntchito kutali, mumuuze kuti ndalama zoyamba azitumize kumudzi, aumbitse njerwa, ndipo munda wake usagone.