Kusamutsira geni ya nsomba ku Lilongwe: mumzinda kapena ku Chiwamba?

Abale ambiri a ku Senga Bay, Chipoka ndi Nkhotakota akafuna kusamutsa geni yawo ya nsomba amapereka chifukwa chimodzi: ku Lilongwe ndiye kuli anthu, ndalama zili kumeneko. Si bodza ayi. Chisamukire likulu la dziko kuchoka ku Zomba mu 1975, mzindawu wakhala ukukula, ndipo kalembera wa 2018 adapeza anthu 989,318, kuposa Blantyre komwe kudali 800,264. Kwa munthu wa ku Salima, msewu wake ndi wa makilomita pafupifupi 100 basi. Usipa ukachoka padoko m'mawa, masana uli pamsika.

Koma kuchuluka kwa anthu si kuchuluka kwa ogula anu. Maganizo amene muli nawowa anzanu a ku Mangochi ndi Nkhata Bay adawaganiza kale, ndipo mukawapeza atakhazikika pamabenchi awo, ali ndi makasitomala awo. Mtengo amaudula ndi opikula akuluakulu obwera ndi malole, inu a matumba awiri mumangotsatira. Ndiye werengani zotuluka: lendi ya nyumba, chiphaso cha msika tsiku ndi tsiku, makala, madzi, ufa. Kunyanja kuja chinangwa ndi mpunga mumakolola nokha, ndiwo mumatapa padoko. M'tauni chilichonse n'chogula, ndipo chimadya mpamba mwakachetechete.

Kalembera yemweyo adapeza kuti m'boma la Lilongwe, kunja kwa mzinda, muli anthu 1,637,583. Amenewa ndi alimi a fodya, chimanga, mtedza ndi soya a ku Namitete, Nsaru, Kabudula, Mpingu ndi Chiwamba. Nyanja alibe, koma usipa amaufuna pa nsima ngati wina aliyense. Titenge Chiwamba, m'dera la Mfumu Chimutu. Ogulitsa nsomba si ambiri ngati m'tauni, nyumba ndi yotsikirapo mtengo, ndipo munda wobwereka umapezeka, moti banja litha kulima chimanga chake uku geni ikuyenda.

Komatu vuto lake lili pa nyengo. Ndalama za kumudzi zimabwera pakamodzi, kuyambira mu Epulo pamene msika wa fodya ku Kanengo watsegulidwa ndipo mtedza ndi soya zayamba kugulidwa, mpaka cha mu Ogasiti. Ikafika Novembala mlimi ndalama yake yonse imapita ku feteleza ndi mbewu. Nthawi yomweyo n'kuti nyanja yatsekedwa kwa makoka, nsomba zachepa ndipo padoko zakwera mtengo. Mumaoda modula kukagulitsa kwa munthu amene alibe ndalama. Mu Januwale ndi Febuluwale ndiye ambiri amapempha ngongole, ena amati tisinthane ndi chimanga tikakolola, misewu yafumbi nayo ili matope okhaokha. Wolowa geni imeneyi ndi mpamba wa katapila safika nayo Epulo.

Mtundu wa nsomba nawo umasankha malo. Chambo chachiwisi chimafuna ayezi, magetsi ndi wogula wa malipiro a pamwezi, choncho malo ake ndi mumzinda. Usipa wouma, utaka ndi kampango wowamba zimapirira ulendo wa panjinga ndipo zimagulika m'timilu ting'onoting'ono, ndiye zoyenera kumsika wa kumudzi. Ndipo ngati mukutenga banja lonse, funsani kaye komwe kuli mzikiti ndi madrasa, chifukwa m'midzi ya kumtundaku sizili pafupipafupi monga tidazolowera kunyanja.

Musanagulitse bwato kapena kutsanzika kwa amfumu, pitani nokha ndi thumba limodzi, mukagulitse masiku angapo a msika mu Juni, mukabwererenso mu Januwale. Lembani m'kope zimene mwaoda, thiransipoti, chiphaso, zophwanyika m'njira ndi zimene zatsala m'manja. Chitani chimodzimodzi pamsika wa mumzinda, kenako muike makope awiriwo pamodzi.