Girizi wa M'maberingi: Ntchito ya Tsiku Limodzi Yoteteza Galimoto Yonyamula Odwala

Unali usiku wa mwezi wa Febuluwale, mvula itangokata kumene, pamene uthenga unatipeza kuti mayi wina woyembekezera wa m'dera lathu wayamba kutaya magazi. Tinauyamba ulendo wa ku chipatala cha Malamulo pa Land Cruiser yakale imene bambo wina wa mumpingo mwathu amatibwereka pakagwa zoterezi. Tili pakati pa minda ya tiyi, pamtsetse, tayala lakutsogolo la kumanzere linayamba kukukuta. Posakhalitsa tinamva fungo la chinthu chopserera. A dalaivala anaimitsa galimoto, ndipo ataunika ndi tochi tinaona utsi ukufuka pakati pa tayala.

Tinakhala pamenepo pafupifupi ola lathunthu mpaka galimoto ina yodutsa inatinyamulira wodwalayo. Mayiyo ndi mwana wake ali moyo, ndipo tikuthokoza Mulungu. Koma mlandu unali wathu. Amati tsoka silinunkha, koma ili linatichenjeza: kwa masabata atatu tinkamva kulira kwachilendo kutsogolo kwa galimotoyo, ndipo tonse tinkangoti ndi matayala. M'mawa mwake amakaniko atamasula, anapeza kuti beringi yaphwanyika n'kumatirira pa chitsulo chimene imazungulirapo. Girizi munalibe, munali matope ofiira ndi dzimbiri.

Kuyambira pamenepo tinaganiza zophunzira ntchito imeneyi, ndipo talemba zimene taphunzirazo kuti zithandize mabanja ndi magulu amene amadalira galimoto imodzi.

Chifukwa chake maberingi sakhalitsa ku Thyolo

Msewu waukulu wochokera ku Limbe kudzera pa Bvumbwe kukafika pa boma la Thyolo ndi wa phula. Koma mukangopatuka kulowa m'minda ya tiyi ya Satemwa, Conforzi, Naming'omba kapena ya cha ku Makwasa, komanso m'midzi yozungulira mindayi, mumakumana ndi misewu yadothi, zitunda, mitsetse ndi timitsinje. Mvula imene imakometsa tiyi ndi yomweyonso imawononga galimoto. Kuyambira Novembala mpaka Epulo ndi matope, m'miyezi yozizira chiperoni chimanyowetsabe misewu, ndipo dzuwa likaswa mtengo ndi fumbi lokhalokha. Namondwe wa Freddy atawononga misewu ndi milatho mu Malichi 2023, galimoto zambiri m'chigawo cha kumwera zinkachita kuwoloka m'madzi.

Tayala lililonse lakutsogolo limamangidwa pa habu, ndipo m'kati mwa habu muli maberingi awiri, yam'kati ndi yakunja. Beringi iliyonse ili ndi tizitsulo tosalala tooneka ngati timigolo, tonenepa mbali imodzi, timene timagubuduzika pa mphete yachitsulo yotchedwa resi. Maberingi a mtundu umenewu anawayambitsa ndi Henry Timken wa ku America mu 1898, ndipo amagwiritsidwabe ntchito chifukwa amapirira kulemera kwa galimoto komanso mphamvu yokankhira m'mbali pokhota. Chimene chimateteza chitsulo kuti chisadyane ndi chinzake ndi girizi basi.

Galimoto ikatsika mtsetse wautali, mabuleki amatenthetsa habu. Ikalowa m'madzi ozizira ili yotentha choncho, mpweya wa m'kati umanyala mwadzidzidzi ndipo umakoka madzi kudzera pa sili, kamphira kozungulira kamene kamatseka kumbuyo kwa habu. Madziwo amalowa ndi mchenga. Girizi amasungunuka n'kumaoneka ngati tiyi wamkaka, dzimbiri limayamba, ndipo mchengawo umapala chitsulo pang'onopang'ono.

Dziwani kaye mtundu wa galimoto yanu

Si galimoto zonse zimene maberingi ake amapakidwanso girizi. Land Cruiser 70, imene inayamba kupangidwa mu 1984 ndipo ndi imene ambulansi zambiri za kumidzi zili, komanso Land Cruiser 80 ndi ma Hilux akale, maberingi ake amamasulidwa, kutsukidwa ndi kubwezeretsedwa. Koma Hilux ya Vigo ndi zina zobwera pambuyo pake zili ndi beringi yotsekeratu ku fakitale. Imeneyo ikayamba kulira palibe zoipaka girizi, imafunika kusinthidwa yonse ku galaja imene ili ndi makina okanikizira. Zimene tikufotokoza pano ndi za mtundu woyambawo.

Zizindikiro zimene sitiyenera kunyozera

Monga thupi la munthu, beringi imadandaula isanafe. Imalira ngati chigayo chakutali, ndipo phokosolo limakula liwiro likamakwera. Nthawi zambiri limasintha mukamakhota, chifukwa kulemera kumasamukira mbali imodzi. Mukaima mutayenda mtunda, yandikizani dzanja pa habu zonse ziwiri mosamala. Kufunda si vuto, koma ngati imodzi ikutentha kwambiri kuposa inzake, pali chimene chalakwika, kaya beringi kapena buleki yomatirira.

Kuyeza kwina n'kosavuta. Kwezani tayala ndi jeke, ligwireni pamwamba ndi pansi, n'kuligwedeza. Likamachita khokhokho, uzani mnzanu aponde buleki. Kugwederako kukatha, ndiye kuti vuto ndi maberingi a tayala. Kukapitirira, vuto lili pa zitsulo zina zokhotetsera tayala. Kenako lizungulitseni ndi dzanja n'kumvetsera ngati likukhakhala. Girizi wochucha kuseri kwa tayala, kudyeka kwa tayala mbali imodzi, komanso buleki imene imayamba yalowa pansi kenako n'kugwira mukapondanso, zonsezi zingachokere ku beringi yokhwepa.

Kukonzekera

Ife timagwira ntchitoyi kamodzi pachaka, mvula ikangotha, komanso nthawi iliyonse galimoto ikawoloka madzi ofika pa habu. Timasankha Lamlungu m'mawa. Tinaphunzira kuti kuyamba Lachisanu masana n'kudziputira mavuto, chifukwa dzuwa limalowa habu ili pamtetete, ndipo galimoto imagona yosayenda mpaka Sabata litatha.

Gulani zonse musanamasule kanthu: girizi wa maberingi a matayala wa lithium wolembedwa NLGI 2 wopirira kutentha, masili awiri atsopano, magasiketi a habu, mawashala okhomera manati, palafini wotsukira, nsanza zoyera ndi magolovesi. Pamafunikanso soketi yaikulu ya mamilimita 54, pulayala yochotsera kamphete kogwira ekiselo, hamala, kachitsulo ka mkuwa kogogodera, ndi sipanala yoyeza mphamvu ya kamangidwe. Girizi wakuda wa moly ndi wa joini yokhotetsera tayala imene ili kuseri, osati wa maberingi amenewa. Musasakanize mitundu ya girizi, chifukwa ina ikakumana imasanduka madzimadzi.

Kagwiridwe ka ntchito

Imikani galimoto pamalo athyathyathya ndi olimba, kokani handibuleki, ndipo ikani miyala kapena zipika ku matayala akumbuyo. Khwefulani manati a tayala lisanakwezedwe. Mukakweza, khazikani galimoto pa masitandi achitsulo. Jeke yokha siyokwanira, ndipo njerwa zimaphwanyika mosachenjeza.

Chotsani tayala, kenako chitsulo chogwira mabuleki, n'kuchimangirira m'mwamba ndi waya kuti chisalendewere pa paipi yake. Tembenuzani kachotsekera ka habu kafike pa FREE, chotsani chivundikiro, kamphete kogwira ekiselo ndi manati ozungulira. Kuseri kwa manatiwa kuli timawashala tosongoka timene timakanirira. Gogodani mitu ya mabawuti ndi kachitsulo ka mkuwa mpaka titadumpha, osati kumenya habu ndi hamala.

M'kati mupeza manati awiri aakulu okhala ndi washala ya makutu pakati pawo. Wongolani khutu lopindidwa, masulani nati yakunja, washala, nati yam'kati, washala yokhuthala, kenako beringi yakunja. Kokani habu pamodzi ndi disiki yake. Imalemera, choncho gwirani anthu awiri. Itembenuzeni, zulani sili yakale, ndipo beringi yam'kati ituluka. Yalani zonse pa katoni yoyera motsatana ndi mmene zatulukira. Malizani mbali imodzi musanayambe inayo kuti maberingi asasinthane malo.

Tsukani zonse m'palafini, muziumitse, ndipo muziyang'ane padzuwa. Beringi yabwino imasalala ngati galasi. Mukaona timaenje, mizere, dzimbiri kapena mtundu wabuluu wosonyeza kupsa, itayeni. Beringi yatsopano imalowa ndi resi yake yatsopano, musaike yatsopano pa resi yakale. Gulani kwa ogulitsa odalirika, chifukwa pamsika pali zachinyengo zoikidwa m'mabokosi a mayina otchuka. Onaninso chitsulo chimene habu imavalapo. Ngati pomwe sili imakhudza pali mzere wakuya, sili yatsopano nayonso idzalowetsa madzi.

Popaka girizi ndi pamene ambiri amalakwitsa. Kungomata pamwamba sikuthandiza. Ikani girizi wochuluka pachikhatho, gwirani beringi mbali yake yotambalala ili pansi, n'kumaikanikiza pa girizi ngati mukupala, mpaka girizi atatulukira pamwamba pakati pa timigolo tija. Sunthani pang'ono n'kubwerezanso mpaka mutazungulira. Pakaninso m'kati mwa habu, koma musadzaze thothotho, chifukwa girizi akatentha amafuna malo. Ikani beringi yam'kati, khomani sili yatsopano mofanana mbali zonse, ndipo pakani girizi pang'ono pamlomo pake. Disiki ndi mapadi a buleki zisakhudze girizi ngakhale pang'ono.

Chomaliza ndi kumanga, ndipo apa ndi pogona nkhani. Nati ikathina kwambiri beringi imapsa, ikakhwepa tayala limagwedera n'kuwononga sili. Pa Land Cruiser 80, nati yam'kati imayamba yamangidwa kufika pa 59 Nm, habu n'kuzungulitsidwa kangapo uku ndi uku kuti maberingi akhazikike, kenako natiyo imakhwefulidwa n'kumangidwanso mopepuka kwambiri. Tsatirani manambala a m'buku la galimoto yanu. Habu iyenera kuzungulira bwinobwino ndi dzanja, yolemererako pang'ono, yosagwedera. Ikani washala ya makutu yatsopano, mangani nati yakunja, zungulitsaninso habu kuti muone ngati sinathine, ndipo pindani khutu limodzi pa nati yam'kati, lina pa yakunja. Kumanga manatiwa ndi chizulo ndi hamala, monga ena amachitira, kumawononga manati ndipo simungadziwe mphamvu imene mwamangira.

Mukabwezeretsa zonse, pondani buleki kangapo mpaka italimba galimoto isanasunthe. Yendani makilomita ochepa, imani, muone ngati habu sizikutentha. Pakatha sabata gwedezaninso matayala. Kumbukiraninso kuyenda makilomita 16 mwezi uliwonse habu zili pa LOCK, monga buku la Toyota limalangizira, kuti mafuta afike pa zitsulo zakutsogolo zimene zimangokhala.

Thanzi la wogwira ntchito ndi la pakhomo

Fumbi la mabuleki si lopuma. Musaliuzire ndi pakamwa kapena ndi mpope, lipukuteni ndi nsanza yonyowa. Musatsuke zitsulo kapena manja ndi petulo: imayaka msanga, mpweya wake umapweteka mutu, ndipo imasukula khungu. Valani magolovesi, ndipo sambani ndi sopo musanadye.

Palafini wakuda wotsala asungidwe m'chigubu chotseka, cholembedwa, patali ndi ana. Musamuike m'botolo la zakumwa, chifukwa mwana amamwa poganiza kuti ndi madzi. Mwana akamwa palafini musamusanzitse, popeza masanziwo angalowe m'mapapo. Thamangirani naye kuchipatala. Musatayire palafini kapena girizi mumtsinje, pafupi ndi mjigo kapena m'dimba.

Ngati simungathe kuchita nokha

Si aliyense amene ali ndi zida, ndipo palibe chamanyazi kupita kwa amakaniko. Koma khalani pomwepo ntchito ikamagwiridwa. Pemphani kuti muone maberingi atatsukidwa, onetsetsani kuti sili yalowa yatsopano, ndipo funsani mtundu wa girizi amene akupaka. Mmisiri wokhulupirika sakhumudwa ndi mafunso otere. Mtengo wa girizi ndi masili ndi wochepa poyerekeza ndi zimene tinalipira usiku uja utadutsa: maberingi, habu, chitsulo chake chovalapo, ndi masabata awiri opanda galimoto pamene odwala ankanyamulidwa pa njinga zamoto.

Ife amene timaphunzitsa anthu kuti kupewa kumaposa kuchiza tinachita manyazi kuti mfundoyi sitinaiganizire pa galimoto imene timanyamulira odwala athu. Tsopano m'galimotomo muli kope. Timalembamo tsiku limene tapaka girizi, makilomita amene galimoto yayenda, ndi tsiku lililonse limene yawoloka madzi akuya. Aliyense wokweramo, ngakhale mayi woperekeza wodwala, ali ndi ufulu wonena akamva phokoso lachilendo, ndipo a dalaivala amaima n'kuyeza tsiku lomwelo. Ngati kwanu kuli galimoto yotere, kwezani tayala lakutsogolo Lamlungu likubwerali, muligwedeze.