Ulendo wa pa Boti mu Mtsinje wa Kinabatangan: Nyama Zambiri, Nkhalango Yochepa

Ife a m'mbali mwa nyanja tikudziwa zimene zimachitika mwezi wa Okutobala madambo akayamba kuphwa. Milamba yonse imasonkhana pa kathamanda kamodzi, ndipo ana amathamangira kumudzi akukuwa kuti, "Nsomba zachuluka!" Koma munthu wamkulu sakondwera nawo msanga. Iye amadziwa kuti nsomba sizinachuluke ayi, madzi ndiwo achepa.

Awerengi athu okondedwa, sungani fanizo limeneli chifukwa tilifuna kutsogoloku. M'kope lino tikutengerani kutali, ku chilumba cha Borneo, kukaona nyama za m'nkhalango tili m'boti pa mtsinje wa Kinabatangan.

Kodi mtsinjewu uli kuti?

Borneo ndi chilumba chachitatu pa kukula padziko lonse lapansi, ndipo mayiko atatu anagawana chilumbachi: Indonesia, Malaysia ndi Brunei. Chakumpoto kwake kuli chigawo cha Sabah, chimene chinakhala mbali ya Malaysia m'chaka cha 1963. Kinabatangan ndiwo mtsinje wautali koposa m'chigawochi. Umachokera m'mapiri a m'katikati mwa chigawochi n'kuyenda makilomita pafupifupi 560 mpaka kukathira m'nyanja yamchere ya Sulu. Kutalika kumeneku n'kofanana ndi kwa nyanja yathu, kuyambira kumpoto mpaka ku Mangochi.

Kumeneko kulibe chilimwe chachitali ngati kwathu kuno. Pachaka kumagwa mvula yokwana mamilimita pafupifupi 3,000, kuposa katatu mvula ya ku Mangochi. N'chifukwa chake nkhalango imakhala yobiriwira chaka chonse ndipo mitengo imatalika modabwitsa. M'chaka cha 2019, ku Danum Valley m'chigawo chomwechi, anayeza mtengo wina n'kupeza kuti ndi wotalika mamita 100.8.

Munthu woyenda pansi m'nkhalango yotereyi saona zambiri. Nyama zimakhala pamwamba, zobisika m'masamba, pamene iye akulimbana ndi matope ndi misundu yomuyamwa magazi m'miyendo. Mtsinje wokha ndiwo umatsegula nkhalango kuti maso aone. Tsono amene akufuna kuona nyama amakwera boti.

Ulendo umayambira m'tauni ya Sandakan. Kuchokera pamenepo galimoto imayenda maola awiri ndi kanthu kukafika pa mudzi wa Sukau, m'mbali mwa mtsinje. Eni dera amatchedwa Orang Sungai, kutanthauza anthu a kumtsinje. Ambiri mwa iwo ndi Asilamu anzathu, ndipo midzi yawo monga Sukau, Bilit, Abai ndi Batu Puteh ili ndi mizikiti. Nyumba amazimanga pa nsanamira zazitali poopa madzi osefukira. Ndi asodzi ngati ife, ndipo amatchera miono yawo yotchedwa bubu.

Ulendo wa m'mamawa

Boti loyamba limanyamuka cha m'ma 6 koloko, swala ya m'bandakucha itatha. Ndi boti laling'ono la injini, losafoleredwa, ndipo aliyense amavala jekete yoyandamitsa. Madzi ndi ofiira ndi matope ngati mtsinje wa m'dzinja, ndipo pamwamba pake pamakhala chifunga. Woyendetsa akaona kanthu amazimitsa injini, boti n'kumangoyenda ndi madzi. Apa ndi pamene timakumbukira mawu a akuluakulu akuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zoyamba kumveka ndi mbalame za mtundu wa nang'omba. Pa Borneo pali mitundu 8 ya mbalamezi, ndipo yonse imapezeka m'mbali mwa mtsinje umenewu. Ina ili ndi chinthu chonga nyanga yofiira chopindikira m'mwamba pamwamba pa mlomo, ndipo ikamauluka mapiko ake amamveka patali. Kaswedwe kake n'kochititsa chidwi. Yaikazi imalowa m'mphako ya mtengo, kenaka khomo limamatidwa ndi matope ndi ndowe zake, n'kungosiya kampata kolowetsa mlomo. Kwa miyezi ingapo yaimuna imabweretsa zipatso, kudyetsa mkazi ndi anapiye kudzera pa kampatako. Yaimunayo ikaphedwa, banja lonse limatha kufera m'mphakomo.

Pa matope a m'gombe pamagona ng'ona. Za kumeneko zimatha kukhala m'madzi amchere ndi opanda mchere omwe, ndipo ndizo zazikulu koposa ng'ona zonse. Yaimuna yokhwima imatha kufika mamita 6. Mvuu ndiye musaziyembekezere, pakuti ku Borneo kulibe.

Woyendetsa boti amayang'ana kwambiri mitengo ya mikuyu. Mkuyu ukapsa, nyama zambiri zimasonkhana pamenepo, ndipo mwayi ukakhalapo timaona orangutan. Dzinali ndi la Chimalay ndipo limatanthauza munthu wa m'nkhalango. Ndi chinyani chachikulu cha ubweya wofiira, cha manja aatali, chopezeka pa zilumba za Borneo ndi Sumatra zokha. Chimayenda mofatsa kuchoka pa nthambi ina kupita pa ina, ndipo madzulo aliwonse chimaluka chisa chatsopano cha masamba choti chigonemo. Chachikazi chimabereka mwana mmodzi n'kumulera zaka 6 mpaka 8 chisanaberekenso. Nyama yobereka mwapatalipatali chonchi ikayamba kuchepa, imavuta kwambiri kuti ichulukenso.

Ulendo wa madzulo

Boti lachiwiri limanyamuka cha m'ma 4 koloko, dzuwa litapepa. Kawirikawiri limalowa mu kamtsinje ka Menanggul pafupi ndi Sukau, kopapatiza kotero kuti nthambi za tsidya lino zimatsala pang'ono kukumana ndi za tsidya linalo.

Nthawi imeneyi ndi ya anyani a mphuno zazitali, amene sapezeka kwina kulikonse koma pa Borneo. Wamwamuna ali ndi chimphuno cholendewera mpaka kupitirira pakamwa, chimimba chotuluka ndi mchira woyera, ndipo amalemera makilogalamu pafupifupi 20. Akazi ndi ocheperapo ndipo mphuno zawo ndi zazifupi. Chimimbacho si ulesi ayi. M'kati mwake muli zigawo zingapo monga m'mimba mwa ng'ombe, zothandiza kugaya masamba ndi zipatso zosapsa. Zipatso zakupsa zotsekemera zimawatupitsa mimba. Madzulo aliwonse anyaniwa amabwera kudzagona m'mitengo ya m'mbali mwa madzi, mwamuna mmodzi ndi akazi ake ndi ana. Ndi akatswiri posambira. Amalumpha kuchokera pamwamba pa mtengo n'kugwera m'madzi kuti phava, kenaka n'kusambira mwaliwiro ng'ona isanawapeze.

Chimene mlendo aliyense amalakalaka kuona ndi njovu. Njovu za ku Borneo ndi zazing'ono poyerekeza ndi za ku Liwonde. Zili ndi nkhope yozungulira ndi mchira wautali wotsala pang'ono kukhudza pansi, ndipo minyanga yooneka imakhala ndi zamphongo zokha. Zimayenda m'magulu motsata mtsinje, zikudya udzu wa m'gombe, ndipo nthawi zina zimawoloka posambira, ana ali pakati. Palibe woyendetsa boti amene angalonjeze kuti muziona. Ena amaziona tsiku loyamba lomwe, ena amatha masiku atatu n'kubwerera osaziona.

Mdima ukagwa, chakumunsi kwa mtsinje kufupi ndi mudzi wa Abai, ziphaniphani zimasonkhana zambirimbiri pa mtengo umodzi n'kumathwanima usiku wonse.

Tayang'anani kuseri kwa mitengo

Munthu akaona zonsezi m'tsiku limodzi amaganiza kuti wafika m'nkhalango yopanda malire. Koma boti likamapita, pena ndi pena mitengo yachilengedwe imatha mwadzidzidzi. Kuseri kwake kumaoneka mizere yowongoka ya mitengo ya mtundu umodzi, yonga kanjedza, mpaka kumene maso alekeza. Imeneyi ndi minda ya kanjedza wa mafuta. M'malo ena mindayi inafika pa gombe penipeni.

Poyamba nkhalango ya dera limeneli inadulidwa chifukwa cha matabwa. Pambuyo pake malo ambiri anagawidwa kukhala maesiteti a kanjedza. Lero chigawo cha Sabah chili ndi mahekitala pafupifupi 1.5 miliyoni a mbewu imeneyi. M'chaka cha 2005 boma la Sabah linakhazikitsa malo otetezera nyama chakumunsi kwa Kinabatangan, okwana mahekitala pafupifupi 26,000. Koma malowa sali pamodzi. Ndi zidutswa 10, ndipo pakati pa zina pali minda, misewu ndi ngalande.

Tsono fanizo lathu lija lafika pake. Nyama zimaoneka zambiri m'mbali mwa mtsinje chifukwa kwina kothawira kulibe. Milamba ija yasonkhana pa kathamanda.

Zotsatira zake n'zoonekeratu. Orangutan sadziwa kusambira. Kale ankawoloka timitsinje podutsa m'nthambi za mitengo ikuluikulu yokumana pamwamba pa madzi. Mitengoyo itadulidwa, magulu ena anatsekeredwa m'zidutswa zawo, osakumananso ndi anzawo. M'chaka cha 2016 orangutan wa ku Borneo anaikidwa m'gulu la nyama zotsala pang'ono kutheratu. Njovu nazo zimapeza njira zawo zakale zitatsekedwa ndi mipanda yamagetsi, ndipo zikalowa m'minda mkangano ndi anthu umabuka. Kumayambiriro kwa 2013, ku nkhalango ina ya Sabah yotchedwa Gunung Rara, njovu 14 zinapezeka zitafa ndi poizoni. M'chaka cha 2024 akatswiri analengeza kuti njovu za ku Borneo zatsala pafupifupi 1,000 zokha. Chipembere ndiye chinatha kale m'dziko la Malaysia: chomaliza, chachikazi chotchedwa Iman, chinafa ku Sabah mu Novembala 2019. Madzi akatayika saoleka.

Tisafulumire kuloza chala alimi a kumeneko. Kanjedza amatulutsa mafuta ambiri pa hekitala imodzi kuposa mbewu ina iliyonse ya mafuta, ndipo wadyetsa ndi kuphunzitsa ana a mabanja ambiri. Malaysia ndi dziko lachiwiri pa ulimi umenewu, pambuyo pa Indonesia. Mafuta ake ali mu sopo, majarini, mabisiketi ndi mafuta ophikira amene amafika ngakhale m'magolosale athu. Kunena zoona, mandasi ena amene timagula pamsika amatilumikiza ndi mtsinje umenewu ife osadziwa. Funso si lakuti anthu aleke kulima, koma lakuti munda ulekeze pati.

Zimene eni mudzi akuchita

Chotilimbitsa mtima n'chakuti anthu a kumtsinje sanakhale manja lende. M'chaka cha 1997 anthu a ku Batu Puteh anayambitsa ntchito yotchedwa MESCOT, imene inadzabala bungwe lawo la KOPEL mu 2003. Alendo amagona m'nyumba za m'mudzi momwemo, kudya chakudya cha eni nyumba ndi kukwera maboti awo. Ndalama zake zimathandiza mabanja komanso kubzala mitengo m'malo amene anadulidwa. Anthu omwewa anachotsa udzu woyandama umene unaphimba dziwe lawo la Tungog, monga momwe namasupuni amavutitsira mu Shire.

Ku Sukau, bungwe la HUTAN linayamba ntchito m'chaka cha 1998, ndipo antchito ake ambiri ndi ana a m'mudzimo. Iwo anamanga maulalo a zingwe pamwamba pa timitsinje, ena a mapaipi akale ozimitsira moto, kuti orangutan aziwolokerapo. Panapita zaka anthu akukayika, koma mu 2010 kamera inajambula orangutan akuwoloka pa ulalo wotere. Anapachikanso mabokosi m'mitengo kuti anang'omba aja aziswera, popeza mitengo yakale ya mphako inachepa. Palinso gulu la amayi a m'mudzimo amene ntchito yawo ndi kubzala mitengo ndi kuipalira kwa zaka zingapo mpaka itapitirira udzu. Cholinga chawo ndi kulumikiza zidutswa za nkhalango kuti nyama zizidutsa.

Boma nalo linamvapo madandaulo. Panali ganizo lomanga mlatho waukulu pa Sukau, umene msewu wake ukanadula njira ya njovu. Anthu ambiri anadandaula, kuphatikizapo Sir David Attenborough, ndipo mu 2017 boma la Sabah linasiya ganizolo.

Mwambo wa m'boti

Alendo nawonso akhoza kuononga. Njovu zikaoneka, maboti ambiri amathamangira pamalo amodzi, ndipo phokoso la mainjini limatha kubweza nyama zimene zimafuna kuwoloka. Tsono mlendo wanzeru sakakamiza woyendetsa kuti ayandikire. Sakuwa, saponyera nyama chakudya, sataya mapulasitiki m'madzi, ndipo sapisa dzanja mu mtsinje wa ng'ona. Amasankhanso boti ndi malo ogona a eni mudzi, chifukwa munthu amene akudya za nkhalango yamoyo ndiye amaiteteza. Mwambo womwewu ndi woyenera kwa ife tikakwera boti mu Shire pa Liwonde.

Pomaliza

Ambiri mwa ife mwina sitidzafika ku Sabah, koma phunziro la mtsinjewu tikhoza kulitenga tili pakhonde. Tikaona nyama, mbalame kapena nsomba zitaunjikana pamalo amodzi, tisathamangire kunena kuti zachuluka. Tiyambe tafunsa kuti kwina kumene zinkakhala kwatani. Makolo, madzulo ano muwerengere ana nkhaniyi, kenaka muwafunse kuti atchule mitengo imene yatsala m'mbali mwa mtsinje wa kwanu. Agogo akhale pomwepo, atchule imene inalipo iwo ali ana.