Makasu, minyanga ndi mtulo: chuma cha kwa Mwase ndalama zisanafike

Ndikamadutsa pa Chinkhoma nyengo yogulitsa fodya, malole atandandalika ndi mabelo, ndimakumbukira funso limene ana asukulu amakonda kundifunsa: "Kodi kusanabwere ndalama, anthu ankagula bwanji zinthu?" Ambiri amadziyankha okha kuti makolo ankangosinthana, uyu nkhuku, uyo mphika, basi. Ntchito yanga ndi kufukula zakale, ndipo zimene nthaka ya kuno kwa Mwase inasunga zikukana yankho limeneli.

M'nkhalango ya Kasungu National Park muli ng'anjo zadothi zosungunuliramo chitsulo, zina zikadali chiimire. Wodutsa angaziyese chulu chobooka. Ife timayang'ana pansi, pa zibuma zakuda zolimba zimene zimatsala chitsulo chikatuluka, ndi pa zidutswa za mapaipi adothi olowetsera mpweya. Mulu wa zibumazo ukakhala waukulu, timadziwa kuti apa sankasula khasu la pakhomo pokha. Ng'anjo imodzi inkafuna wokumba miyala, wootcha makala, woumba, wosula, ndiponso wolima chakudya choti onsewa adye. Makasu otsala ankayenda mitunda kukagula mchere, nsalu ndi mbuzi. Khasu siliwola, limanyamulika, limawerengeka, ndipo palibe khomo losalifuna. Ndalama ili ndi chiyani choposa pamenepa?

Maufumu otchuka a kutali ankachita zomwezi. Aaziteki a ku Mexico ankagula zinthu zing'onozing'ono pamsika wa Tlatelolco ndi nthanga za koko, zikuluzikulu ndi nsalu zathonje. Ku Mali, Ibn Battuta, amene anafikako mu 1352, analemba kuti anthu ankaduladula mchere wa ku Taghaza n'kumagulira zinthu monga amachitira ena ndi golide. Kwathu kuno nsalu zathonje zotchedwa machila, zolukidwa kuchigwa cha Shire, zinkagula katundu m'mbali mwa Zambezi.

Chimene chimanditengera mtima kwambiri ndi mtulo, chifukwa mphamvu ya mfumu inkagona pamenepo. Mlenje akapha njovu, mnyanga wogunda pansi unali wa mwini dziko. Mafumu ang'onoang'ono ankatula minyanga, zikopa ndi makasu kwa wamkulu wawo, iye n'kugulitsa kwa amalonda a kunyanja yamchere, nsalu ndi mikanda zimene walandira n'kugawirako omwe anatula aja. Mfumu youma manja inkathawidwa. Umboni wa malonda amenewa unatuluka ku Mankhamba, likulu la Kalonga pafupi ndi Mtakataka, kumene a Yusuf Juwayeyi anafukula mikanda yagalasi, zidutswa za mbale za ku China, mkuwa ndi minyanga yosemedwa. Kachidutswa kamodzi ka mbale yotere kamatiuza kuti panali njira, onyamula katundu, ndi mafumu olola alendo kudutsa kuchokera kugombe mpaka pakati pa dziko la Amaravi.

M'zaka za m'ma 1800, Mwase Kasungu anapezeka pa njira ya amtengatenga yochokera kuchigwa cha Luangwa kupita ku Nkhotakota kwa Jumbe. Minyanga inamupatsa mfuti ndi onga, ndipo mfutizo zinamuthandiza kulimba pamene Angoni ankagonjetsa mafumu ena a Achewa ndi Atumbuka. David Livingstone anadutsa kwa Mwase mu 1863. Pano ndisabise mawu: pa njira yomweyo pankayendanso anthu omangidwa magoli, ana a eni, opita kukagulitsidwa. Ndikamaphunzitsa za nzeru za malonda a makolo, zimenezi sindizidumpha, monganso wolemba za Mali kapena za Aaziteki sangadumphe akapolo ndi ogwidwa kunkhondo amene ankasenza chuma cha mafumuwo.

Mu 1895 asilikali a boma la Britain anagonjetsa Mwase. Mtulo unalowedwa m'malo ndi msonkho wa nyumba, umene unayamba kukankhira amuna kutheba, ku Halale ndi ku Joni, kukasaka ndalama. Makasu a m'sitolo atachuluka, ng'anjo zinazilala, ndipo ana a osungunula chitsulo sanaphunzirenso lusolo. Mukamalima fodya wanu n'kugunda chibuma chakuda cholemera ngati mwala, kapena phale lokhala ndi mizere m'milomo, musachichotse. Jambulani pafoni, kumbukirani malowo, mudziwitse a mfumu ndi a nthambi ya boma yosunga zinthu zakale.